Za Munda wa Edeni ndi Minda ya Kwathu Kuno

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za nkhani imene nonse muidziwa chiyambire ubwana wanu, ndiyo ya makolo athu oyamba, Adamu ndi Eva, ndi ya mtengo uja umene Mulungu anawaletsa. Chimene chatiutsa ndi funso la mwana. Tsiku lina pa phunziro la katekisimu kuno kwa Khwethemule, mphunzitsi atatha kulongosola za kuchimwa kwa Adamu, kamnyamata kena ka zaka ngati 8 kanaimika dzanja, nikati: "Aphunzitsi, nanga anawagwira ndani? Mlonda?" Anzake anaseka. Ife amene tinali kumbuyo tinasekako pang'ono, koma posachedwa tinaleka, pakuti tinaona kuti mwanayo watulutsa poyera chimene akulu ambiri achisunga mumtima osachinena.

Taganizani. Mwana wobadwira pakati pa tiyi adziwa munda waukulu wa mtundu umodzi wokha. Uli wobiriwira, wokongola, wosaoneka polekezera. Uli ndi mwini wake amene mwanayo sanamuonepo ndi maso. Uli ndi malire, ndipo m'malire muyenda alonda. Amayi ake anamuuza kale kuti asakatole nkhuni m'mabulugamu a esiteti, angagwidwe. Tsono akamva m'tchalitchi za munda wabwino, za Mwini munda, za mtengo wosayenera kuthyolako, ndi za anthu awiri amene anapirikitsidwa chifukwa cha chipatso, nanga iye aganize chiyani? Aika Mulungu pa mpando wa bwana, ndipo Adamu amuyesa munthu wosauka amene anachita tsoka la kugwidwa.

Maganizo amenewa sanagwe ndi mvula. Agogo athu ambiri, makamaka Alomwe, anayamba kufika kuno cha m'ma 1890 kuchokera ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, limene lero litchedwa Mozambique, napeza nthaka yabwino ya Thyolo ili kale m'manja mwa Azungu ndi makampani awo. Kuti munthu amange nyumba ndi kulima kamunda kake, anayenera kugwirira mwini malo ntchito, ndipo ntchitoyo anaitcha thangata, mawu amene kale anali okoma, otanthauza kuthandizana pa chinansi. Lamulo la boma la 1928 linapatsa eni minda mphamvu ya kuchotsa ena mwa anthuwo pa malo ngakhale sanalakwe kanthu, ndipo thangata sanathe mpaka 1962. Ndiponso akuluakulu akumbukira za mwezi wa August 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Pa munda wa Mangunda, kufupi ndi Luchenza, eni munda anabisalira usiku anthu amene anali kuthyola malalanje, nawagwira. Mbiri inathamanga m'midzi yakuti anthuwo atengedwa ndi achifwamba. Khamu linasonkhana, apolisi anabwera, ndipo chipolowe chinafalikira m'maboma ena a kum'mwera, kotero kuti pakutha pake anthu 11 anali atafa. Zonsezi zinayambira pa zipatso za m'munda wa mwini. M'dziko lotere, wophunzitsa nkhani ya Edeni ayenera kusamala kwambiri.

Tiyeni tsono titsegule buku la Genesis, mutu 2 ndi 3, tione ngati munda umenewo ufanana ndi minda imene tiidziwa.

Choyamba, m'munda wa Edeni munalibe thangata. Mulungu ndiye anabzala yekha, munthu napeza zonse zitamera. Chachiwiri, ndipo apa pali yankho la mwana uja, mlonda wa mundawo anali Adamu yemweyo, pakuti ntchito ya kuulima ndi ya kuusunga Mulungu anaiika m'manja mwake. Anamubweretseranso nyama ndi mbalame zonse kuti azitche maina. Ndipo inu mudziwa kuti pa mudzi wotcha dzina ndi mwini mbumba, mlendo kapena waganyu satcha dzina ngakhale la mbuzi. Zipatso za mitengo yonse anamulola kudya monga afunira, popanda sikelo, popanda kapitawo wolemba m'buku. Mtengo umodzi wokha, wa kudziwa zabwino ndi zoipa, ndiwo anamuletsa, namuuziratu chifukwa chake, chakuti kudyako kudzabala imfa. Adamu ndi Eva sanathyole chifukwa cha njala. Anathyola ali okhuta, ataimirira pakati pa chakudya chosatha.

Onani tsono ukatswiri wa njoka. Sinayambe ndi kutama chipatso ayi. Inayamba ndi funso lokuza choletsa, ngati kuti Mulungu anawamana mitengo yonse ya m'munda. Mkaziyo anaikonza, koma poikonza anawonjezapo yekha kuti ngakhale kukhudza komwe n'koletsedwa, chimene Mulungu sananene. Pamenepo njoka inaponya muvi wake weniweni: inati Mulungu adziwa kuti chipatsocho chidzawakweza kukhala onga Iye, n'chifukwa chake awamana. Ndiye kuti inajambula Mulungu ngati mwini munda waumbombo, woopa kuti antchito ake angatukuke. Taonani, abale, chithunzi chimene mwana wa pa katekisimu anali nacho m'mutu ndicho chomwecho chimene njoka inaika m'mutu mwa Eva. Tchimo linalowa mumtima chipatso chisanafike pakamwa, pa mphindi imene munthu analeka kukhulupirira kuti Atate ake amufunira zabwino.

Pano tipatuke pang'ono, kuti wina angatimve molakwa. Eklezia sanaphunzitsepo kuti munthu wanjala ndi Adamu ali pa mlandu umodzi. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti munthu amene moyo wake uli pangozi yoonekeratu, ndipo alibe njira ina iliyonse, akatenga chongomupulumutsa sanabe, pakuti Mulungu analengera anthu onse zinthu za pansi pano. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unabwereza zomwezo mu 1965. Mawuwa sapereka chilolezo kwa mnyamata wothyola nthochi za mnzake kuti akagulitse pa msika, ndipo tiyembekeza kuti palibe adzawanyamula motero. Tingofuna kuti mudziwe kuti mlandu wa malo ndi wa njala uli ndi bwalo lake, ndipo pa bwalo limenelo olemera ali ndi zambiri zoyankha. Mlandu wa Adamu ndi wina.

Amene anaufotokoza bwino ndi munthu wa mu Africa muno, Augustine Woyera, wobadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, amene pambuyo pake anakhala episkopi wa ku Hippo. M'buku la kuulula kwake asimba za usiku wina ali ndi zaka 16. Pafupi ndi munda wa kwawo panali mtengo wa mwini wake wa zipatso zimene Azungu azitcha mapeyala, ngakhale sizili mapeyala athu amafuta aja. Zipatsozo sizinali zokoma kapena zokongola, ndipo kunyumba kwawo kunali zabwino zoposa. Koma iye ndi anzake anapita pakati pa usiku, nagwedeza mtengo, nasenza akatundu, nangolawako pang'ono, zotsala nakaponyera nkhumba. Atakula, ali kale episkopi, anadzifunsa nthawi yaitali chimene anakondamo, napeza kuti chinamukomera n'chakuti chinali choletsedwa, ndi kuti akanakhala yekha sakanachita. Ena amaseka kuti munthu wamkulu chotere analira chifukwa cha zipatso za nkhumba. Ife tiyesa kuti anaona patali. Aliyense wa ife akafufuza bwino adzapeza tsiku limene anachita choipa chosamupindulira kanthu, kungofuna kumva kuti palibe womulamula.

Nanga kudziwa kumene mtengowo unali nako n'kotani? Pali anthu ena ophunzira amene amati Mulungu anafuna kusunga munthu mu umbuli, ndipo Eva ndiye anatitsegulira sukulu. Mawuwa amveka okoma, koma Malembo omwewo awatsutsa. Munthu wotcha maina zolengedwa zonse sanali mbuli. Ndiponso Eva anadziwa bwino lomwe kuti kumvera n'kwabwino ndipo kusamvera n'koipa, pakuti lamulo analinena yekha kwa njoka. Akanakhala wosadziwa, pakanakhala palibe mlandu, monga khanda likagwetsa mphika sitilitengera kwa amfumu. Ndipo kumbukirani mfumu Solomoni. Pamene Mulungu anamuuza kuti apemphe chimene afuna, iye anapempha mtima wotha kusiyanitsa zabwino ndi zoipa kuti aweruze anthu molungama, ndipo Mulungu anakondwera, namupatsa ndi zina zomwe sanapemphe. Chinthu chake n'chofanana, koma Solomoni anatambasula manja awiri ngati mwana wolandira kwa mkulu, pamene Adamu anatsomphola. Chimene makolo athu anafuna ndi kukhala iwo eni ake oika malire, kuti chabwino chikhale chimene iwo achitcha chabwino. Umenewo ndi mpando wa Mlengi yekha, ndipo wolengedwa akaukwera amagwa nawo.

Irenaeus Woyera, episkopi wa ku Lyon cha m'ma 180, anawonjeza mfundo imene ife alimi tingaimve msanga. Iye anati Adamu anali ngati mwana, wangwiro koma wosakhwima, ndipo Mulungu anafuna kumulera pang'onopang'ono, monga mayi ayamba ndi bere asanapereke nsima. Tiyi wongookedwa kumene sathyoledwa chaka chomwecho. Amudikira zaka, namudulira, kufikira tsinde litalimba. Wothyola msanga apha mtengo. Ndipo ana athu amene agenda mango m'mwezi wa September, akali aawisi, nawadya ndi mchere, usiku ndiwo alira m'mimba. Mango amenewo akanakhala awo ndithu akanadikira.

Tsono maso awo anatsegukadi, monga njoka inanenera. Pakuti bodza lamphamvu limakhala ndi kachoonadi m'kati. Koma anaona chiyani? Sanaone zinsinsi za kumwamba. Anangoona kuti ali maliseche. Dzulo lake anali chimodzimodzi, osachita manyazi, chifukwa panalibe choopana. Lero aliyense ayang'ana mnzake ngati munthu wotha kumupweteka. Anasoka masamba a mkuyu, nabisala m'mitengo yomwe ija anapatsidwa kuti adye. Pali kudziwa matenda kwa sing'anga, ndipo pali kudziwa matenda kwa wodwala ali pa mphasa. Iwo anasankha kwachiwiriku. Mwana wochenjera adzakufunsani kuti, nanga bwanji sanafe tsiku lomwelo? Muuzeni kuti nthambi yodulidwa imakhala yobiriwira mpaka madzulo, koma inafa pamene chikwanje chinadutsa.

Tinene mwachidule kuti Malembo satchula dzina la chipatsocho. Za apozi zimene muona pa zithunzi zinadza pambuyo ku Ulaya, kumene m'Chilatini mawu a apozi ndi mawu a choipa alembedwa mofanana. Ndiponso chipatsocho sichitanthauza za m'nyumba za mwamuna ndi mkazi wake, monga ena anong'onezana, pakuti ukwati Mulungu anaudalitsa tchimo lisanabwere.

Kwa inu abambo tili ndi mawu apadera. Timamva kawirikawiri pa bwalo, ngakhale pa maliro, kuti mavuto onse anadza ndi mkazi. Werenganinso. Lamulo linaperekedwa kwa Adamu mkazi asanalengedwe. Pamene njoka inali kulankhula, Malembo aonetsa kuti mwamunayo anali naye pamodzi, ndipo mlonda wa munda uja sanatsegule pakamwa. Analandira, nadya. Pofunsidwa anakankhira mlandu kwa mkazi, ndi kwa Mulungu yemwe amene anamupatsa mkaziyo. Paulo Woyera polembera Aroma anaika mlandu wa kulowa kwa tchimo pa Adamu. Chotero mwamuna woloza mkazi wake chala chifukwa cha Eva angobwereza tchimo lachiwiri la Adamu, limene kwa ife lioneka lonyansa kuposa loyamba.

Makolo athu a dziko lino, Uthenga Wabwino usanafike, anali nayo kale nthano yofotokoza za kusiyana kwa Mulungu ndi anthu. Alomwe aloza ku phiri la Namuli ngati kumene anthu anachokera. Achewa ndi Amang'anja aloza ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, kumene ati mapazi a anthu oyamba anadindika pa thanthwe likali lofewa. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene anatumikira ku chigwa cha Shire, ndi mmodzi wa amene anailemba. Ati mwamuna ndi mkazi anatsika kumwamba ndi mvula, atatenga khasu, lichero ndi mtondo, ndipo Chauta anatsika nawo pamodzi ndi nyama zonse, nakhala onse mumtendere. Tsiku lina mwamunayo anayamba kupeka timitengo tiwiri. Anamuchenjeza kuti aleke, koma sanamve. Moto unabuka, tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi ukali pa munthu, kupatula zochepa, monga galu ndi mbuzi, zimene zinathawira kwa iye. Nadzikambe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anakwezedwa kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula ali komweko kuti munthu azifa.

Nthanoyi tisainyoze. Agogo aja anaona zoona: kuti poyamba panali mtendere, kuti munthu ndiye anauswa posamva chenjezo, kuti nzeru yotengedwa mwaliuma imaotcha mudzi, ndi kuti imfa inadzera pamenepo. Amene anaona nkhalango ya pa phiri la Thyolo ikali yowirira, naonanso mmene inathera ndi nkhwangwa ndi moto, safuna womumasulira nthano ya Kaphirintiwa. Koma pali malo amodzi pamene nkhani ziwirizi zisiyana, ndipo ndi pamenepo pagona chikhristu chathu. Ku Kaphirintiwa wothawa ndi Chauta, munthu natsala yekha ndi moto wake. Ku Edeni wothawa ndi munthu, ndipo Mulungu ndiye abwera madzulo kudzamufunafuna, namuitana, namufunsa kumene ali, ngakhale adziwa. Afunsa mwamuna, afunsa mkazi, napatsa aliyense mpata wa kuyankha. Njoka yokha ndiyo sanaifunse kanthu. Chilango chinaperekedwa ndithu, ndipo n'cholemera: minga m'munda, thukuta pa khasu, zowawa za uchembere, ndi kubwerera ku dothi. Koma m'kati mwa chiweruzo chomwecho munali lonjezo lakuti mbewu ya mkazi idzaphwanya mutu wa njoka, limene Eklezia aliona litakwanira mwa Ambuye Yezu, mwana wa Maria Virigo. Ndipo asanawatulutse, Mulungu anaona kuti masamba a mkuyu sadzalimba kunja kuja, nawapangira zovala za zikopa, nawaveka Iye mwini. Ndi bwana uti anachotsapo munthu pa malo atayamba wamusokera malaya?

Katekisimu wa Eklezia wa 1992 anena poyera kuti nkhaniyi inalembedwa m'mawu ophiphiritsa, koma isimba chinthu chimene chinachitikadi pa chiyambi cha mtundu wa anthu. Msonkhano wa ku Trent mu 1546 unalongosola kuti tchimo limeneli tibadwa nalo tonse, ndipo lichotsedwa ndi Ubatizo, ngakhale kupendekera ku zoipa kumatsala. Khanda lanu silinalakwe kanthu palokha. Langobadwira m'banja limene kholo linataya chuma cha ana.

Zonsezi zifika pa khomo panu motere. Papa Pius X mu 1910 analamula kuti ana ayambe kulapa ndi kulandira Ukaristia akafika pa msinkhu wa kuzindikira, ndiwo zaka ngati 7. Ndiye kuti pa msinkhu umenewo chikumbumtima chadzuka, ndipo mwana ali kuimirira patsogolo pa mtengo wake. Angelo sadzatsika kudzamuphunzitsa za Mulungu. Adzayesa Mulungu ndi muyeso wa atate ndi amayi ake. Tsono ife tizolowera kuletsa ana ndi zoopseza zopeka. Timati asakhale pa mtondo chingamuonekere chakuti, asaimbe mluzu usiku angaitane afiti. Makolo anali ndi zifukwa zawo, sitikana; mtondo ndi wa chakudya, ndipo usiku anthu afuna kugona. Koma mwana tsiku lina adzakhala pa mtondo mobisa, nadzaona kuti palibe chachitika. Kuyambira pomwepo adzayesa kuti zoletsa zonse za akulu ndi zomwezo, ngakhale za mowa, za kuba ndi za chiwerewere, zimene zipha ndithu. Njoka sidzavutikanso kumunyenga, ntchito yake mwaigwira kale ndinu. Mulungu analetsa chimodzi, napereka chifukwa choona, natsegula zina zonse. Nyumba zina mwa ife zili ndi zoletsa makumi, zifukwa palibe, ndipo chololedwa mwana sachidziwa.

Ena aganiza kuti kusunga mwana wangwiro ndiko kumubisira zonse. Mtsikana wosauzidwa kanthu ndi amayi ake kapena anankungwi achikhristu adzauzidwa ndi wina pa njira ya ku chitsime kapena pa foni, ndipo wouzayo adzayamba monga inayambira njoka, kuti akulu angokumana zokoma. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Koma mwana afunse bwanji kumene funso liyankhidwa ndi khofi?

Ndipo likafika tsiku limene shuga wachepa m'chitini, kapena ndalama ya mchere yasowa pansi pa mphasa, mudzaona mwana wanu akuchita zonse za Adamu mwa dongosolo lake: adzazemba maso anu, adzakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo pofunsidwa adzatchula mng'ono wake kapena mphaka. Musathamangire ndodo. Muitaneni ndi dzina lake, mumufunse, mudikire. Mwana amene waphunzira kunena kuti "ndine, amayi" pa khonde la kwawo sadzaopa kugwada pa mpando wa kulapa. Chilango chibwere pambuyo, cholingana ndi mlandu, ndipo nsima ya madzulo musamumane.

Mphunzitsi uja, anzake a mwanayo atatha kuseka, anamuyankha kuti m'munda munalibe wogwira anthu, ndi kuti akerubi ndi lupanga lamoto anaikidwa pa khomo pambuyo pake, kutseka njira ya ku mtengo wa moyo, kuti munthu angakhale mpaka muyaya m'tsoka lakelo. Anamuuzanso za zovala za zikopa. Kamnyamatako kanakhala chete kanthawi, kakukanda m'mutu, kenaka kanaimikanso dzanja.

"Aphunzitsi, nanga zovalazo anawadula pa malipiro?"

"Iyayi, mwanawe," anatero mphunzitsi, "anangowapatsa."